Bowa wa m'bulugamu

Eliness sanagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Ngakhale singano ankainenerera mpaka wogulitsa atope. Ndiye tsiku la msika pa Biriwiri, mwamuna wake Redson atakakamira pa benchi ya mabotolo, iye anafika atamanga kale nkhope.

Redson anali atagwa ndi sitiroko chaka chathacho. Ankayenda, koma dzanja lamanzere linkanjenjemera, ndipo za m'mawa pofika masana zinkakhala zitamuthawa m'mutu.

"Awa ndi makapisozi a bowa, mayi," anatero wogulitsa. "Amadzutsa ubongo, amalimbitsa mitsempha."

"Bowa? Womwe umamera ulele kuseri kwathu? Tsitsani, achimwene."

"Uwu ndi wakunja."

"Wakunja uli ndi nyanga? Basi, tikazula tokha. Tiyeni, bambo a Tawina."

Anachoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuitanidwa. Wogulitsa sanaitane. Eliness sanadandaule: msika wotsatira adzatsitsa yekha. Zoti mwamuna wake mawu aja wawatola ngati oona, sanaziganize.

Mawa lake anachokera kumunda wa kachewere dzuwa lili pamutu. Anapeza Redson atakhala pakhonde, kapoto kali pakati pa miyendo. Pambali panali zotsalira: bowa woyera, tsinde lake lili ndi kathumba kumunsi.

"Mwautenga kuti?"

"M'bulugamu muja. Ndi ndelema."

Eliness anaponya khasu. Ndelema, bowa wodyedwa uja, amamera pansi pa misuku, mwana aliyense amadziwa. Woyera wa m'bulugamu ndi umene unaika anthu atatu a nyumba imodzi m'manda kwa Champiti, iye akali mtsikana.

"Mwadya?"

Redson anayang'ana m'kapoto, kenako mkazi wake.

"Ndikufunsa, mwadya kapena ayi?"

"Munati tikazula tokha."

"Zimenezo mwakumbuka. Nanga kudya?"

Redson anayang'ananso m'kapoto. Eliness anam'gwira chibwano, nam'yasamitsa. Malovu okha. Ananunkhiza zala: fungo la bowa, koma munthu wozula ndi kuphika anganunkhe chiyani china? M'kapoto munali theka. Koma bowa umafota ukapsa. Theka lingakhale lonse. Ndipo bowa umenewu suthamanga. Umakusiya useke tsiku lonse, kenako n'kukugwira m'mimba nthawi itatha kale.

Anakulunga zotsalira zija pansonga ya chitenje, nakokera mwamuna wake kumsewu. Njinga yamoto yoyamba anaiimika ataima pakati pa msewu.

"Kuchipatala, tonse awiri."

Mwini njinga, Dyton, ankamudziwa bwino Eliness. Anatchula mtengo wokwera dala, nazimitsa injini kukonzekera mkangano.

"Ndamva. Lizani."

Dyton anatembenuka kumuyang'ana, naona nkhope yake, naliza injini.

Eliness anamuika Redson pakati, iye kumbuyo, manja atakulunga pamimba pa mwamuna wake, kumvetsera ngati muyambe kupotokola. Pa chitunda china Redson anapotoloza khosi.

"Amake Tawina, madzi osamba m'manja aja simunabweretse."

"Ati chiyani?"

"Ndimakudikirani. Munthu angadye osasamba?"

Eliness anatseka maso. Chikwatirane, bamboyu sanagwirepo chakudya mkazi wake asanam'thirire madzi m'manja. Kale Eliness ankam'nena kuti ndi ulesi wachingoni.

Dyton anachepetsa liwiro. "Tibwerere, mayi?"

"Mutu womwewu ndi umene ukuti bulugamu ndi msuku. Pitirirani."

Kuchipatala adokotala anaona bowa uja, nam'goneka Redson kuti amuyang'anire. Eliness anakhala pansi pambali pa bedi, maso pamimba pa mwamuna wake. Kunada, kunacha, kunadanso. Redson sanasanze, sanatsegule m'mimba.

Tsiku lotuluka, phala litabwera, Redson anakhala manja ali m'mwamba, kudikira. Eliness anatenga kapu, nam'thirira madzi.

"Nanga makapisozi aja?" anafunsa Redson.

"Tifunsa adokotala kaye. Ndipo ndikamakangana ndi anthu pamsika, inu muzitseka makutu."