Zisonga Zagolide za Bwana Aymar

Kodi mukuganiza kuti ndani anadula zisonga za kuzidendene za Bwana Aymar, pamaso pa linga lonse?

Zisongazo ndinasula ndine. Zinanditengera sabata zitatu, chifukwa chisonga chabwino chimangokumbutsa kavalo kuti athamange, osamucheka nthiti. Zagolide amavala msilikali wa pakavalo amene analumbira m'tchalitchi. Akamudula zimenezo ndiye kuti watha: sakweranso kavalo wankhondo, ndipo ana ake sauzidwanso kuti ndi ana a bwana.

Mlandu wake unali wotere. Asilikali akuwoloka mtsinje wa Saône kupita kunkhondo, ngolo ya miphika inagubuduzika, ndipo Odo, wophika wa m'linga, anakokoloka ndi madzi. Bwana Aymar anachoka pamzere, analowa m'madzimo, namuvuula. Popeza Odo sankatha kuima, anamukweza pachishalo chake, iye mwini n'kumakoka kavalo wapansi. Pofika kutsidya, adani anali atathawa kale.

"Mwafika, msodzi wathu?" anaseka Bwana Thibaut, mnzake wa pamzere. "Mwapha zingati? Kapena ndi chinsomba chomwechi chonunkha anyezi?"

Titamva kuti chigamulo chaperekedwa, ndinapita kukagwada kwa Bwana Hugues, mwini linga.

"Mbuye wanga, munthuyu sanathawe nkhondo."

"Wakufunsa ndani, wosula iwe? Pamzere anachoka kapena ayi?"

"Anachoka, mbuye wanga, koma munthu anali kumira."

"Ophika alipo ambiri. Chishalo chimenecho anakhalapo agogo ake, lero pakhale wosenda anyezi, iye akuyenda pansi ngati woweta nkhumba? Bwerera kung'anjo yako."

Ndinabwerera mtima ukuwawa. Thibaut uja, amene tsikulo lupanga lake silinatuluke m'chimake, zisonga zake zinali kung'anima bwinobwino.

M'mawa mwake anamukweza Bwana Aymar pamulu wa ndowe kuseri kwa khola la akavalo, atavala zankhondo zonse. Anthu tinaitanidwa kuti tione. Bwana Aymar atandizindikira m'khamulo anati, "Wosula, ntchito yako inali yabwino. Sizinamasukepo ngakhale m'madzi muja."

Ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana anthu osayenera kutukwanidwa.

Wodula zisonga anafika, nagwada m'ndowemo, osakweza nkhope.

"Menya kamodzi, mnzanga," anatero Bwana Aymar. "Ukamazengereza undidula mwendo."

Anamenya kawiri, kumanzere ndi kumanja, golide n'kugwera m'matope.

Wodulayo sanali wopha olakwa, sanalinso msilikali. Mwambo wathu umati zisonga za msilikali wochititsa manyazi azidule wophika wa bwana wake, ndi chikwanje chodulira nyama. Anadula ndi Odo.