Chipewa cha Ulusi Wofiira

Wezulo italira kumsika, Atelala anaimitsa phazi pa makina n'kumwetulira. Ina inayankha kuseri kwa mashopu. Anthu anayamba kukhamukira komweko m'matope, ena atatola kale miyala.

"Agwira winanso!" anakuwa mayi wa tomato, akusuzumira pakhomo. "Akabawi anu aja, Atelala. Lero khoswe wakumana ndi mphaka."

"Am'thyole miyendo," anatero Atelala. "Azikwawa ngati nkhono."

Sankaseka ayi. Amuna awo anabayidwa ndi akuba dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha njinga yakutha yopanda mabuleki. Apolisi anafika mtembo utauma kale, anayang'ana uku ndi uku, basi nkhani inathera pomwepo. Ndiye pamene alamu awo Abutchala, mng'ono wa malemuyo, anasonkhanitsa amuna a mumsewumo kuti azilondera okha, Atelala anawasokera zovala mwaulere: maovololo akuda ndi zipewa zophimba mutu wonse, zongosiya timabowo ta maso. Gululo linadzitcha Akabawi. Lamulo lawo linali limodzi: wezulo ikalira, aliyense wonyamula katundu aime. Wothamanga ndiye wakuba.

Chipewa cha mwana wawo Kamoto, wowotcherera zitsulo, anachisoka pomalizira. Ulusi wakuda unali utatha, ndiye timabowo ta maso anatipendera ndi ulusi wofiira.

"Waba chiyani ameneyo?" anafunsa Atelala.

"Akuti mutu wa makina osokera. Wadziphimba ndi thumba kuti asadziwike, mbava yochenjera."

Atelala anatembenukira pakona pomwe pankakhala makina awo akale. Iwo omwe anali atangomusenzetsa Mphepo, wonyamula katundu wa pamsika, kuti apite nawo kwa okonza. Thumbalo anamufunditsa okha chifukwa cha mvula, n'kumulozera mitambo kuti afulumire. Mphepo sankadziwa kuyenda, katundu aliyense ankathamanga naye, n'chifukwa chake anam'patsa dzinalo. Ndipo anali wosamva ndi wosalankhula chibadwire. Kwa iye wezulo inali chimodzimodzi ndi munthu woyasamula.

Atelala anatuluka opanda nsapato.

Anam'peza m'ngalande, pafupi ndi mpopi. Akabawi anali atam'zungulira, zibonga ndi mapaipi zikukwera ndi kutsika ngati akupuntha nyemba. Thumba lija linali lidakali kumutu, litanyowa magazi. Mkono umodzi unali utapindika pamalo pomwe mkono supindika. Winawo unakumbatirabe makina. Sankatchula mawu, ankangolira ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe.

"Lekani! Ndam'tuma ndine! Lekani, agalu inu!"

Ndani akanamva? Khamu linkakuwa kuti aphedwe, wina akuitanitsa tayala ndi machesi. Mzimayi wina, mwana ali kumbuyo, anaponya njerwa n'kuseka itam'peza m'nthiti. Atelala anakankha, anakanda, analuma munthu pamkono kuti adutse. Atangotsala pang'ono kufika, Kabawi wina wamtali anakweza paipi ndi manja awiri n'kuitsitsa pathumba paja. Kunamveka phwa! ngati dzungu lagwa padenga. Miyendo ya Mphepo inagwedezeka, kenako zii.

Wamtaliyo anatembenuka akupuma mwawefuwefu. Timabowo ta maso ake tinali tofiira m'mbali.

Atelala anagwada m'matope n'kuvula thumba lija.

"Kodi si Mphepo uyu?" ananong'ona wina.

Miyala inayamba kugwa m'manja mwa anthu. Akabawi anazemba mmodzimmodzi kulowera m'tinjira ta kuseri. Apolisi atafika, aliyense anali wakhungu. Mayi wa tomato anati iye anali kokodza. Wapolisi wina anaima pamaso pa Atelala, amene magazi anali atawafika m'zigongono.

"Inu mayi, munawaona?"

"Nkhope sindinazione," anayankha. Silinali bodza, koma linawawa kuposa bodza.

M'mawa mwake Abutchala analowa m'shopu ndi chikwama cha pulasitiki, Kamoto akutsatira pambuyo atazyolika. Anakhuthula zipewa patebulo lodulira nsalu. Zina zinali zong'ambika, zina zitauma gwa ndi magazi.

"Muzichape, alamu, muzisoke. Zagwa zatha. Madzi akatayika saoleka."

"Amene aja anali madzi? Mwapha mbuzi nthawi yaitali, alamu, mpaka simukusiyanitsanso."

"Musatinyoze. Chiyambire ife kulondera, ndani wabedwa ngakhale supuni mumsewu muno? Posaka khoswe m'nyumba, nthawi zina mphika umasweka."

"Mphika uli ndi mkazi? Mphika uli ndi mwana woyamwa? Ndinali chitsiru ine. Kabawi anayamba liti kulondera anapiye?"

Abutchala anaseka, koma maso sanaseke nawo. Anatsamira patebulo, fungo la nyama likutuluka m'malaya.

"Zipewazi anasoka ndani? Amene ankati tizithyola miyendo ndani? Lero mwasanduka m'busa? Tamverani. Palibe anaona nkhope, ntchito ya chipewa ndi imeneyo. Mukatsegula pakamwa, mwana wanu yemweyu akaolera kundende. Mwamuna munaika kale m'manda, mukufuna kutayanso uyu? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Mutu wa Mphepo unalinso fupa."

Kamoto anakweza maso. Anali ofiira kuposa ulusi uja.

"Amayi, ndinaona makina a bambo. Aja anakugulirani atagulitsa wailesi. M'timabowo timeneti umangoona chinthu chimodzi basi. Ndinaona makinawo. Munthuyo sindinamuone."

Mbama ya Atelala inalira mpaka panja. Kamoto sanatchinge. Inabweranso ina, ya kuseri kwa dzanja, mlomo n'kung'ambika.

"Sunamuone? Amene ankakunyamulira zitseko zako kupita nazo kwa makasitomala? Amene unkam'gawira ndudu? Bambo ako anafa ali okha, akuitana anthu. Iwe wapha munthu amene sakanatha ngakhale kukuuza kuti ndine."

"Odi kuno."

Pakhomo panaima mkazi wa Mphepo, wochapa zovala za anthu, khanda lili kumsana. Pamutu anasenza mutu wa makina uja. Anawerama, n'kuutula pansi bwinobwino ngati mazira. Anali atautsuka, koma pagudumu panatsalira titsitsi.

"Katundu wanu, mayi. Anamusiya m'ngalande, ndatola. Bambo ake a mwanayu sankagona ndi katundu wa mwini."

Abutchala anaphimba zipewa ndi nsalu ya diresi la munthu.

Mkaziyo anayang'ana Kamoto. "Achimwene, inu ankakukondani. Akakuonani ankachita chonchi," anakweza chala chachikulu. "Abale ake ali kutali, ndipo amuna a mumsewu muno akundizemba. Muli ndi mphamvu inu. Mudzatithandize kunyamula bokosi."

Kamoto anazyolika. Mkaziyo anadikira pang'ono, anakonza khanda kumsana, n'kumapita.

Atelala anavundukula nsalu ija. Anasankha chipewa cha ulusi wofiira, anatenga sizasi yaikulu, n'kuilowetsa pabowo la diso. Anadula kutsika mpaka pachibwano, kuzungulira, kukwera mpaka pamphumi. Chigamba chakuda chinagwa pansi.

"Mwapenga kodi?" Abutchala anawagwira pamkono.

Nsonga ya sizasi inaima pamimba pa Abutchala, pamwamba pa lamba.

"Ndigwireninso, alamu, muone ngati mbuzi zokha ndizo zili ndi matumbo."

Abutchala anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. "Mwana wa mkulu wanga ameneyo! Mukum'pereka nokha?"

"Ndinam'bereka ndekha, inu kunalibe. Ndipo musadzinamize kuti nkhope zenu sizidziwika. Mitu yonseyi ndinaiyeza ndine. Ichi chachikulu ngati ndowa n'chanu. Ndikawauzanso kuti wosoka ndine, andichite chomwe angandichite."

Abutchala anatuluka osatsanzika. Kunja anayang'ana kumanzere ndi kumanja, n'kulowera njira yomwe sinali yopita kubutchala.

Atelala anam'veka Kamoto chipewa chodulidwacho. Nkhope yonse inali pamtunda: mlomo wotupa, mamina, misozi. Amayi ake anachikonza m'khosi, monga ankachitira pomuveka yunifolomu ya sukulu.

"Tsopano ukuona?"

"Ndikuona, amayi."

"Bokosi sukanyamula. Manja akowa asalikhudze."

Analonga zipewa zinazo m'chikwama, anasenza, anakhoma shopu ndi loko. Njira ya kupolisi inkadutsa pakati pa msika. Ogulitsa anasiya kuitanira malonda. Mayi wa tomato anayang'ana pansi. Pampopi paja wina anali atathira mchenga, koma ntchentche zinali zitapadziwa kale. Kamoto atapaona anayamba kufulumiza miyendo.

Amayi ake anam'gwira malaya kumbuyo.

"Yenda bwinobwino, akuone onse. Kuno wothamanga amaphedwa."