Chambo cha Apongozi

Anthu inu, pakamwa padzakuphetsani. Mukafunse Sankhani Mphepo, wakabaza wa pasiteji ya kumsika pa Kasungu Boma.

Loweruka m'mawa pasitejipo panaima gulu la opalasa njinga za mpikisano, zisoti kumutu, makabudula othina ngati anabadwa nawo. Amati akupita kunyanja ku Nkhotakota, akatsate gombe mpaka ku Karonga.

Sankhani anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Tinjinga topanda kaliyala timeneti? Ine ndimanyamula munthu, thumba la feteleza, mbuzi pamwamba. Awa ndingawasiye m'fumbi, ndikasambe kunyanja, madzulo ndili pano."

"Aise, nyanja si pachigayo," anatero Lameki, mnzake wapasiteji.

Tsoka lake, chapafupi pomwepo panali mayi Lefina, apongozi ake, akupopa njinga yawo kuti azipita kuesiteti kosankha fodya. Awiriwa ndi aulemu wachikale. Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatirireni mwana wawo Esitere, Sankhani anali asanawayang'anepo m'maso mayiwa. Mawu amadutsira mwa wina.

"Lameki," anatero mayi Lefina, maso ali patayala, "uwauze bambo akunyumbawo kuti chambo ndimadya."

Siteji yonse inatembenukira kwa Sankhani. Apa kubwerera kunalibe.

"Lameki, uwauze amayi atsukiretu mbale."

Sankhani anamasula khushoni ya pakaliyala, n'kuiponyera Lameki, n'kulowa m'gulu muja ali ndi tiyi yekha m'mimba.

Vuto n'lakuti wakabaza amadziwa liwiro limodzi basi, lothamangira kasitomala mnzako asanamutenge. Ampikisano aja ankapalasa mwaulesi, kumwa timadzi, kudya nthochi. Iye anaimirira pamapedulo, belu ngiri ngiri, kuwapitirira onse. Lameki anajambula, kavidiyo n'kulowa pagulupu ya WhatsApp ya akabaza.

Atapalasa makilomita ngati makumi awiri, zigafa za fodya m'mbali mwa msewu zinayamba kuvina m'maso mwake. Kenako ntchafu yakumanja inakokana, gwa! Yakumanzere inati nanenso. Munthu uja khuu, m'fumbi.

Azisoti aja anadutsa mmodzimmodzi, osatuluka n'thukuta lomwe. Womaliza anaima n'kumutambasulira nthochi.

"Ayi bwana, ndikungoona tcheni. Tsogolani, ndikupezani."

Nthochi ija inapita. Anaiperekeza ndi maso mpaka inazimiririka.

Anakwawira pansi pa mtengo. Akati adzuke, miyendo imamubweza. Foni m'thumba inangoti tii tii: "Ngwazi wafika pati?" "Ng'ona uzipatse moni." Esitere naye analemba kuti wagula kale tomato wothira m'chambo. Uthenga umenewo ndi umene unamulasa. Anazimitsa foni.

Dzuwa litapendeka anamva belu. Atakweza mutu anaona chitenje chimene amachidziwa bwino, chifukwa zaka zonsezi chimene ankayang'ana ndi chitenjecho. Analakalaka nthaka itang'ambika.

Mayi Lefina, akuchokera kuesiteti kuja, anatsika panjinga. Panalibe Lameki, panalibe aliyense wodutsiramo mawu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatembenukira njinga ya mkamwini wawo ili gone m'udzu.

"Iwe njinga, kodi nyanja inasamukira pano?"

Sankhani naye anayang'ana njingayo. "Njinga, uwauze amayi kuti miyendo yakana."

"Uwauze eni ako akwere pakaliyala panga."

"Njinga, zimenezo sizinachitikepo. Anthu adzati chiyani?"

"Ndiye agone pompano, mwana wanga akhale wamasiye chifukwa cha manyazi a munthu wina."

Anakwera. Wakabaza wathunthu, kukhala kumbuyo ngati thumba la chimanga, dzanja limodzi likukoka njinga yake pambali. Dzanja linalo linasowa pogwira. Atagunda bampu linapita lokha chakutsogolo.

"Njinga! Uwauze dzanja likhale pachitsulo."

Linabwerera ngati lagwira moto.

Mayiwa anazolowera kunyamula mitolo ya fodya, moti ankapalasa akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Matenanti m'zigafa anasiya ntchito n'kutuluka. Mayi wina anaimba nthungululu. Sankhani anangoloza nkhope kutayala lakumbuyo, kuwerenga masipoko.

Nyumba za pa Boma zitayamba kuoneka ananong'ona: "Njinga, uwapemphe amayi anditsitse pano. Ndiyesa kuyenda."

"Uwafunse eni ako ngati iwo amatsitsa kasitomala panjira."

Analowa pasiteji belu likulira. Akabaza onse anaimirira. Bawo inaima. Lameki anali ataika kale foni m'mwamba, akujambula uku akufa ndi phwete.

Mayi Lefina anaponda pansi, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Lameki mwanawe, bwera unditsitse katunduyu. Chambo chija chafika. Koma chauma ndi dzuwa, mukachipatse madzi."

Chiseko chinamveka mpaka kudepoti ya minibasi. Lameki ndi mnzake anamunyamula m'khwapa n'kumukhazika pabenchi, khushoni yake ija n'kumuikira pamiyendo.

Mayi Lefina anali atatembenuza kale njinga. Sankhani anadziwa kuti chatsala chinthu chimodzi. Anaseseleka pabenchi paja, n'kugwada movutikira anzake onse akuona, n'kuomba m'manja katatu, maso ali panjinga yake.

"Njinga, uwauze amayi kuti zikomo."

"Yamva," anatero mayiwo, osacheuka.