Thonje M'makutu

Paison, kalipentala wa ku Kapata, anali munthu wokonda kucheza. Kasitomala akabwera kudzafunsa mpando wake ankabwerera atamva nkhani za Chipata yonse, mpandowo ukadali thabwa. Tsiku lina anamva pafoni mkulu wina akuphunzitsa kuti mphamvu za munthu zili ngati batire: m'mawa zimakhala zodzaza, ndipo aliyense wokupatsa moni amatapako. Mawuwo anamugwira mtima.

Anakhazikitsa lamulo. Kuyambira m'mawa mpaka belu lamasana la kutchalitchi, shopu izikhala yokiya, foni yozimitsa, m'makutu thonje.

"Ngakhale ineyo, bambo a Mercy?" anafunsa mkazi wake, Edita.

"Makamaka inuyo. Za mchere ndi makala zizidikira masana."

Tisaname, zinayenda. Mipando inayamba kutuluka, makasitomala anasiya kumutukwana, ndipo Paison anayamba kuyenda monyang'wa, n'kumalangiza anzake osamufunsa. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa wina mwana wawo Mercy anadzuka thupi likutentha, maso ali lobodo. Paison anamugwira pachipumi, naganiza za mzere wa kuchipatala umene ukanamudyera mphamvu zonse zam'mawa.

"Mupatseni panado, masana tiona," anatero, natuluka.

Anali mkati mopala thabwa pamene chitseko cha malata chinayamba kugwedezeka. Kudzera m'thonjemo, kugogodako kunkamveka ngati kwa nyumba ya eni. Anayang'ana pampata wa pansi pa chitseko, naona mapazi a mkazi wake opanda nsapato. Edita sayenda wopanda masilipasi, ngakhale popita kubafa. Mantha anamugwira Paison ndithu. Koma mkulu wapafoni anali atachenjeza kuti maganizo ndi kamberembere, amapeka zifukwa kuti uthawe ntchito. Anaweramiranso pathabwa.

Kugogoda kunakula, kenaka kunaleka. Mapazi anachoka. Ndipo manja ake, opanda manyazi, anagwira ntchito yokongola kuposa masiku onse.

Belu litalira anachotsa thonje, natsekula. Kunja kunali zii. Mayi wa tomato amene ankamuseka tsiku lililonse anayang'ana pansi. Anyamata a kabaza pakona anasiya nkhani, mmodzi n'kuvula chipewa. Paison anafulumiza miyendo, kenaka anathamanga.

Atakhota, anaona azimayi akutulutsa mipando ndi tebulo m'nyumba mwake, ena akuyala mphasa pabalaza. Katundu satuluka chotero pokhapokha pakagwa maliro.

Esther, wa nyumba yoyandikana nayo, anabwera n'kugwada patsogolo pake.

"Mwana anayamba kukomoka, achimwene. Amake anamubereka, kuthamanga naye okha. Watisiyira panjira."



"Musadzivute," anapitiriza Esther, akupukuta misozi ndi chitenje. "Amakewo akuuza aliyense kuti si mlandu wanu. Akuti simunamve."