Chipewa cha Esme

Mlongo wanga Lusayo ndimamukonda, koma ndikanadziwa, tsiku limene anabwera ndi laputopu yake kwathu ku Chibavi ndikanamubweza pageti pomwepo.

Lusayo amaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Pa ntchito yake yomaliza anapanga ubongo wa munthu mu laputopu, ati pofuna kuona ngati kamagetsi kochepa kangaletse khunyu. Anaganiza zimenezi chifukwa cha mwana wanga Esme, amene anayamba kugwa khunyu ali sitandade wani. Koma chiyambireni kumwa mapiritsi a kuchipatala, Esme anali asanagweponso.

"Taonani, alamu," Lusayo anauza amuna anga, a Willard. Pasikirini panali timizere tikuyenda mwaulemu, kenaka timizere tonseto tinayamba kudumphadumpha. "Uku ndiye kugwa. Tsopano ndikadina apa, kamagetsi kalowa." Anadina, timizere tija tinangoti zii.

A Willard amakonza mafoni mumsika, ndipo chilichonse chokhala ndi waya amachikhulupirira kuposa mkazi wawo. Maso anangoti tong'o.

"Ndiye kuti vuto ndi shoti basi?"

"Tingatero, alamu. Koma awa ndi masamu chabe. Zenizeni zimafuna madokotala a ubongo, opaleshoni, ndi kuyesa kwa zaka zambiri."

Mawu omalizawo sanalowe. Ndimawadziwa ine amuna anga, akamva zimene akufuna makutu amatseka.

Posakhalitsa ndinapita ku Karonga kukadwazika azakhali. Botolo la mapiritsi ndinaliika pamwamba pa kabati. "Bambo a Esme, m'mawa ndi madzulo, chonde musaiwale." Iwo amvekere, "Mwanayu ndi wanganso, iwe dzipita."

Kuiwala sanaiwale ayi, bola akanaiwala! Anakhala pansi n'kuganiza mofatsa, munthu wa ndevu zake, kuti mapiritsi amamugonetsa mwana m'kalasi, ndiye alekeretu. Anatenga batire ya foni yakufa, timawaya tiwiri ndi kaswitchi, n'kusokerera m'chipewa cha Esme chaulusi chija amavala kukazizira. Anamuuza kuti akangomva chizungulire adine. Mwana naye, poti anena ndi adada, ankapita nacho kusukulu monyadira chomene.

Foni ya a Annie, oyandikana nawo nyumba, inandipeza ndikuchapa. "Amama Esme, bwerani msanga, tili kuchipatala." Kunali kozizira mmene kumachitira Mzuzu mu Juni, mvula yowaza tsiku lonse. Esme ankaotha mbaula, n'kugwa khunyu. Dzanja lamanja linalowa m'makala.

Njira yonse muminibasi ndinkangotukwana chamumtima. Nditafika muwodi ndinapeza Esme ali gone, dzanja lili m'mabandeji mpaka pachigongono. Lusayo anali ataima kumiyendo kwa bedi, maso ali psuu. A Willard anakhala pabenchi, chipewa chija chili m'manja, akuchitembenuzatembenuza.

"Bambo a Esme, mapiritsi ndinakusiyirani aja ali kuti?"

"Alipo onse. Koma mayi a Esme, ndaganiza, mwina batireyi inali yofooka. Ikanakhala ya..."

Mayo ine! Mwana wapsa, iwo akadali pa batire! Ndinalanda chipewacho n'kuchiponya mubini, ndipo pakanapanda odwala ena ndikanawaponyamonso eni ake.

"Mwana wanga mwamuyesa foni? Mukaphonya waya mumangouza kasitomala kuti abwere mawa. Dzanja ili mukaligula pa shopu iti?"

Lusayo anatsegula chikwama n'kutulutsa laputopu, ati aonetse alamu ake pamene sanamvetse. "Achemwali, ine ndinanena kuti ndi masamu chabe."

"Iwe tseka chinthu chakocho! Unanena, inde. Koma unaonetsa munthu wanjala chithunzi cha nyama, umati atani?"

Ndinakwiya kwambiri, komanso ndinali ndi mantha, chifukwa adokotala anali atandiuza pakhomo kuti zala ziwiri mwina sizidzawongokanso. Esme amalembera dzanja lomwelo.

Phokoso lathu linamudzutsa. Anayang'ana amalume ake, kenaka laputopu ija.

"Asibweni, munthu wa mu laputopu uja akagwa, amapsanso?"

Lusayo anatseka laputopu ija. A Willard anazolika.

Namwino anafika ndi piritsi ndi kapu ya madzi. Esme anayamba kutukula dzanja lamanja kuti alandire, n'kuona mabandeji. Analibweza pang'onopang'ono, natambasula lamanzere.