Mfundo Imene Ndinamanga pa Boti la Nkhanu

Mwana wanga atanena kuti Loweruka tikwera boti lozungulira doko, tikudya nsomba ndi nkhanu zowotchera momwemo, ndinamufunsa ngati pamtunda mbale zatha. Anangoseka. "Amayi, anthu amakwera tsiku ndi tsiku."

Ndinapita chifukwa cha mdzukulu wanga, amene timamutcha Gologolo poti sakhala pansi. Madzi alibe nthambi. Mwana akagwamo agwira chiyani?

M'botimo munali mabenchi, mbaula kumbuyo, ndi wophika wonenepa akuswa nkhanu ndi chimpeni. Anativeka majekete oyandamitsa, koma ine chinsalu chofufumacho sindinachikhulupirire. Bambo ake, mwana wanga uja, ali kalikiliki kujambula sitima, Gologolo anali atayamba kale kusuzumira m'madzi. Ndinavula mpango, ndinamumanga m'chiuno, mbali inayo kuchitsulo cha benchi. Mfundo yake ija yomangira mbuzi.

"Agogo, ndine mbuzi ine?"

"Mbuzi imamva. Idya nkhanu yakoyo."

Kenaka chisitima chakatundu chinadutsa pafupi. Funde lake linatinyamula, boti linapendekeka, mbale zinagwa, madzi analowa mpaka m'akakolo. Woyendetsa anafuula kuti tonse tithawire mbali yokwera. Onse anathawira komweko. Gologolo yekha anatsala kumunsi, mpango ukumukoka.

"Wamanga mwanayu ndani?" anakalipa wophika. "Botili likagubuduka amira nalo!"

Ndinathamangira kumunsiko. Ndinagwada m'madzimo kuti ndimasule, koma mfundo yonyowa inali italimba gwa! Zala zinakanika, ndinayesa ndi mano, mano anga otsala omwewa. Funde lina ndinkaliona likubwera, lalitali kuposa loyamba.

"Agogo, mukundipweteka!"

Wophika anandikankhira pambali, nadula mpango ndi chimpeni chonunkha nsomba chija, naponyera mwanayo m'manja mwa bambo ake. Funde linatimenya, boti linadzandira ngati woledzera, kenaka linakhazikika.

Mpaka kugombe mwana wanga sanandiyang'ane. Wophika yekha ndiye anandibweretsera nsomba yotentha. "Idyani, mayi. Koma jeketeyo ntchito yake ndi yomweyo, yoti mwana asamire."

Anzanga akamandifunsa ngati ulendowo ndi wofunika kupitako, ndimati nsomba yake njokoma, sindinama. Koma mukapita, mwana mumugwire ndi dzanja, poti dzanja limamasuka. Gologolo akuvuta kuti tipitenso. Chidutswa cha mpango wanga mwina chikadali kuchitsulo kuja. Chikhale komweko.