Estere Atsata Nsadzu

Chimfine chachikulu cha 1918 chitadutsa ku Chikwawa, Gideon anadzuka pamphasa ali moyo, koma makutu ake anali atagontha. Asanadwale ankafula uchi m'thengo la kumtsinje wa Mwanza. Ankatsogozedwa ndi nsadzu, mbalame yotuwa ija imene imalira kuitana munthu kuti imulondolere pamene pali njuchi. Iye ankaiyankha ndi likhweru, ndipo akafula ankaisiyira chisa pamwala.

Chaka chotsatira kutayamba kutentha, nsadzu inabwera pamtengo wa masau kuseri kwa nyumba. Inkalira mpaka kutopa, Gideon ali pakhonde akusema mpini, osamva kanthu.

Amene ankaimva anali mkazi wake Estere. Iye ankaopa njuchi chiyambire utsikana wake, ndipo kothyola nkhuni ankalambalala mtengo uliwonse wolira njuchi. Masiku atatu anapitiriza ntchito zake ngati sakuimva mbalameyo. Tsiku lachinayi anasiya munsi mumtondo, n'kukagwira mwamuna wake paphewa, n'kuloza kumasau.

Gideon anaiyang'ana mbalameyo nthawi yaitali.

"Ikuitana?" anafunsa mokweza, poti mawu ake sankawamvanso.

Estere anagwedeza mutu.

"Ilekeni itope, amake Jesinta. Ikangolowa m'masamba ndiitaya. Ipeze wina wa makutu."

Estere analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nkhwangwa, chingwe, mphika ndi chikuni chofuka. Anaima patsogolo pake, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo.

"Inu imbani likhweru. Kumva ndimva ine."

Ananyamuka, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo. Likhweru la Gideon linkatuluka lokhota, losiyana ndi lakale, koma mbalame inkayankhabe. Kawiri Estere anasokera. Anaima, n'kutsinzina, n'kutchera khutu mpaka kuimvanso kumanzere. Minga inamung'ambira nsalu. Dzuwa litafika paliwombo, nsadzu inatera pamlambe waukulu, kaliridwe kake n'kusintha.

"Yayamba kulira motsitsa," anatero Estere, akutsitsa dzanja.

Gideon anamwetulira koyamba chidwalire. "Ndiye kuti tafika."

Anakhoma zikhomo zopondapo pamlambewo, n'kukwera ndi chikuni chofuka chija. Estere anafuna kuthawa, koma anakumbukira kuti njuchi zikalusa mwamunayo sazimva. Anaima pansi pa mtengo atagwira chingwe chomangidwa m'chiuno mwa Gideon, kuti phokoso likakula akoke. Njuchi ziwiri zinamuluma pachikope. Sanachisiye chingwecho.

Atatsika, Gideon anaona diso lotupalo. Anachotsa mbola ndi chikhadabo, n'kupakapo uchi mosamala. Kenako anathyola chisa chokhala ndi ana a njuchi, n'kumupatsa.

"Nsadzuyo kaiikireni ndinu. Lero yayenda ndi inu."

Estere anakachiika pamwala, n'kubwerera kudzakhala pamthunzi. Mbalame inatsika, n'kuyamba kujompha.

"Ikulirabe?" anafunsa Gideon.

Estere anatenga dzanja lake, n'kumagogoda pachikhatho ndi chala, msangamsanga, monga momwe nsadzu inkalirira. Gideon anayang'anitsitsa mbalameyo mpaka mkazi wake analeka.

Chaka chimenecho anafula mitengo isanu ndi umodzi. Amayi apamudzi ankaseka kuti Estere wasanduka mlenje, iye n'kumawagawira uchi m'zikho. Mantha a njuchi sanamuthere. Koma nsadzu ikalira kumasau, ankaphula mphika pamoto, n'kukafuna mwamuna wake kumunda wa thonje.